Ndikufuna masters ya criminology koma kunyumba akuti ndikukataya ndalama

MwanaWaSapitwa
Moni nonse pagulu pano, ndabwera ndi nkhani yanga mundithandize nzeru. Ndinamaliza digiri ya sociology zaka zinayi zapitazo, pano ndikugwira ku kabungwe kena koona za ana kuno ku Mulanje. Mtima wanga uli pa masters ya criminology, maphunziro ofufuza za umbanda ndi momwe milandu imayendera kuchoka kupolisi, kukhoti mpaka kundende. Koma nditawauza ankolo anga, omwe anandilipirira fizi chiyambire folomu 1, anangoti iwe sukulu yonseyi ukufuna ukakhale wapolisi? Akuti ndichite zamalamulo kapena MBA, masters ya zamabizinesi, basi. Ine chomwe chimandisowetsa tulo ndi mlongo wanga wamng'ono. Ali ndi zaka 19 anagwidwa ndi alonda a esiteti ina atasenza mtolo wa nkhuni za bulugamu, anakhala pa rimandi miyezi inayi mlandu osalowa, kenako anangomutulutsa ati fayilo sikuoneka. Anabwera ali mphere thupi lonse, sukulu anasiya, lero anzake ndi omwe anadziwana nawo mkati muja. Ndimafuna ndimvetse kuti zinthu zimalakwika pati. Alipo pano anaphunzirako zimenezi? Kuti? Nanga ntchito zake zimapezeka?

Kabaza_Luchenza
Achemwali ankolo anuwo sakunama. Kuno masters ya zotere mukadya nayo chani? Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, ntchito muli nayo kale gwirani imeneyo

ZaDNA
Ndiye kuti muzikatenga zidindo za zala ndi magazi pamalo angozi ngati pa TV paja eti? Ine ndimazikonda zimenezo, pitani

Aphunzitsi_Bvumbwe
ZaDNA mwasokoneza, zomwe mukunenazo ndi forensic science, za mu labu, zimafuna munthu wa chemistry ndi biology. Criminology ndi m'bale wake wa sociology, imafunsa kuti n'chifukwa chani umbanda umachuluka malo ena osati ena, ndani amagwidwa ndani sagwidwa, chilango chimathandiza kapena ayi. Criminal justice ndiye imaona kwambiri kayendetsedwe ka polisi, makhoti ndi ndende, masukulu ambiri amaziphatikiza ziwirizi pulogalamu imodzi. Akuluakulu anati umanena chatsitsa dzaye kuti njovu ithyoke mnyanga, phunziroli ndi lomwelo basi. Loya amatenga mlandu wa mlongo wanuyo yekha n'kumumenyera nkhondo. Wa criminology amawerenga anyamata onse omwe anagwidwa ndi nkhuni chaka chonse, anakhala masiku angati, mafayilo angati anasowa, anasowera pa desiki ya ndani.

WopumaPolisi
Mwana wanga MwanaWaSapitwa, ine ndinagwira upolisi zaka zambiri ndisanapume, pano ndikulima nthochi ndi nandolo kwathu ku Thekerani. Nkhani ya mlongo wakoyo yandikhudza chifukwa ndinaziona ndi maso. Malamulo akulu a dziko lino, gawo 42, amati munthu akamangidwa afikitsidwe kukhoti pasanathe maola 48, ndipo lamulo la kayendetsedwe ka milandu limati pa milandu ing'onoing'ono ya kwa majisitireti munthu sayenera kupitirira masiku 30 akudikira kuti mlandu uyambe. Belo ya kupolisi ndi yaulere, salipira. Zonsezi zinalembedwa bwinobwino. Koma tangoganiza, galimoto ndi imodzi, mafuta palibe, mboni ndi mlonda yemwe wasinthidwa wapita gawo lina la esiteti, wofufuza mlandu wapita ku kosi, ndiye mwana uja amangokhala, ndipo palibe munthu mmodzi yemwe ungamuloze kuti walakwa ndi uyu. Anthu okhoza kuwerenga zimenezi n'kuzilemba mwadongosolo ndi ochepa. Ine ndikuti phunzira. Koma usaganize kuti ukabwera ndi pepala anthu adzakuimirira.

Mlonda_Usiku
Pepani ndilowererepo chifukwa apa alonda tikuoneka ngati ndife oipa. Ine ndine mlonda pa esiteti ina ku Thyolo kuno. Mukudziwa kuti mitengo ikabedwa kapena makademiya akasowa mbali yanga amandidula malipiro? Ndikapanda kugwira munthu ntchito yatha, ana anga adya chani. Ndipo si onse amabwera ndi kamtolo ayi, ena amabwera gulu usiku ndi zikwanje, mnzathu wina anatemedwa pamkono mpaka lero sagwira khasu. Amaphunziro mukamalemba muzilemba mbali zonse

MwanaWaSapitwa
Bambo Mlonda_Usiku sindikukunyozani ayi, ndipo zomwe mwanenazi ndi zomwe ndikufuna kumva. Inu ndi mlongo wangayo nonse ndinu a m'midzi yomweyi, wina akulondera mitengo wina akusowa nkhuni, minda kwathu kuno mukuidziwa kuchepa kwake, tiyi wafika mpaka pakhonde. Sindikuti kuba ndi kwabwino. Ndikufunsa ngati miyezi inayi ya rimandi inateteza mtengo ngakhale umodzi.

Kabaza_Luchenza
Inateteza. Ena anaopa.

Aphunzitsi_Bvumbwe
Achimwene a Kabaza nkhani imeneyo ndi yakale kwambiri pa phunziroli. Mtaliyana wina dzina lake Cesare Beccaria analemba mu 1764 kuti chomwe chimaopsa munthu si kukula kwa chilango koma kudziwa kuti agwidwa ndithu ndipo alangidwa msanga, ndipo akafukufuku ambiri a pambuyo pake anapeza kuti pa zogwidwazo mkuluyu sananame. Taganizani inu a njinga zamoto, pa Luchenza pakakhala a pamsewu tsiku lililonse aliyense amavala chisoti, akasowa sabata imodzi zisoti zonse zili kunyumba, chonsecho faindi ndi yomweyo sinasinthe. Pali enanso, Howard Becker mu 1963, omwe anaonetsa kuti munthu ukamumata dzina loti wakuba, mudzi wonse n'kumamuona choncho, ntchito osamupatsa, mapeto ake amakakhala kwa okhawo omwe amamulandira. Si zomwe achemwaliwa akunena za mlongo wawo zimenezo? Ine ndakhala pafupi ndi ndende ya achinyamata ya pa Bvumbwe pano zaka zambiri, nkhope zina umaziona zikutuluka, chaka chisanathe wamva kuti zabwereranso.

Kabaza_Luchenza
Aphunzitsi mabuku a azungu amenewo. Mnzanga anamulanda njinga pa msewu wopita ku Khonjeni, anamukwapula ndi chitsulo m'mutu, njinga ya loni. Wakubayo anagwidwa, patatha sabata tinamuona pamsika akudya chipisi. Ndiye mukadzamva kuti anyamata a kabaza amuotcha munthu musamadabwe. Beccaria wanuyo anabedwapo njinga?

MayiMvano
Mwana wanga pepa za mnzakoyo, koma zootchana ayi. Ife a ku Mulanje tisaiwale 2017.

Chinanazi
Eee amayi mwakumbutsa. Nthawi ya anamapopa ija ine ndinali ku Chitakale, usiku anthu osagona, kuomba zidebe, misewu kutseka ndi miyala ndi zipika, galimoto iliyonse kuimitsa kusecha. Munthu kungoyenda ndi chikwama chachilendo basi wapalamula. Zinayambira konkuno mu Seputembala n'kufalikira ku Phalombe, Thyolo, Chiradzulu mpaka Blantyre, anthu anaphedwa, a UN anachotsa antchito awo, a Peter Mutharika anachita kubwera kudzayankhula ndi anthu, oposa 100 anamangidwa. Mpaka lero ndimadzifunsa kuti anthu omwe timapemphera nawo aja chinawalowa n'chani

AnkoloGoliati
Inu musamayankhule ngati anamapopa kunalibe. Mlamu wanga anadzuka ali wofooka, m'nyumba mukununkha mankhwala. Anthu sangangopenga boma lonse popanda kanthu

Chinanazi
Ankolo kuchipatala anapeza kuti magazi achepa? Ndi ndani anagwidwa ndi chipangizo chopopera?

AnkoloGoliati
Zamatsenga sizioneka ndi makina a kuchipatala mwana iwe

WopumaPolisi
Abale tisakangane za matsenga, sitimaliza. Chomwe ndinganene n'choti mphekesera yomweyi inabukanso mu 2002 nthawi ya a Muluzi, madera ake omwewa akum'mwera. Funso lomwe ine linkandivuta ndili pantchito ndi lakuti bwanji anthu akaopa sathamangira kupolisi koma amatola miyala? Yankho lake lili mu nkhani ya a Kabaza ija. Munthu akaona wakuba watuluka pa belo amati apolisi adya ndalama, nthawi zina n'zoona, nthawi zina ndi lamulo chabe koma palibe anamufotokozera wodandaulayo kuti belo si kutha kwa mlandu, mlandu suwola. Chikhulupiriro chikatha anthu amagamula okha, ndipo amene amafa kawirikawiri ndi mlendo, wamisala kapena gogo wosauka yemwe alibe womuikira kumbuyo. Izi zimafuna munthu wakonkuno, wolankhula Chichewa ndi Chilomwe, akhale pansi ndi mafumu ndi achitetezo a m'midzi afufuze bwinobwino. Mzungu wobwera masabata awiri anthu samuuza zoona.

MwanaWaSapitwa
Bambo WopumaPolisi apa ndiye mwandigwira mtima. Koma tabwereraniko ku funso langa abale, sukulu yake ndikaipeza kuti? Ndalama zolipira ndekha kunja ndilibe.

WakuCapeTown
Achemwali ndinali duu kuwerenga, tsopano ndiyankhe chifukwa njira imeneyi ndadutsamo, kwathu ndi ku Masambanjati. Ndilemba zambiri mundipirire.

Choyamba dziwani kuti masters zilipo za mitundu iwiri. Ina mumalowa m'kalasi, kulemba mayeso, kumapeto kafukufuku wamfupi, ku UK yotere imatha chaka chimodzi. Ina ndi ya kafukufuku yekhayekha, inu ndi supavaiza wanu basi, zaka ziwiri kapena kuposa, ndipo imeneyi ngati simunazolowere kudzikakamiza nokha imakutayani panjira. Ku South Africa kuno University of Cape Town ili ndi Centre of Criminology, UNISA nayo imaphunzitsa criminology munthu uli kwanu, koma konzekani kuti mapepala anu a ku Malawi ayambe aunikidwa ndi a SAQA, bungwe loona za mapepala a sukulu kuno, ndipo popeza digiri yanu ndi ya sociology akhoza kukuuzani kuti muyambe kaye honours, maphunziro a pakati pa digiri ndi masters. Musakhumudwe nazo, ine honours ndi yomwe inandiphunzitsa kulemba. Ku UK masukulu ndi ambiri, Cambridge ili ndi Institute of Criminology yomwe inayamba mu 1959, koma musalimbane ndi dzina, yang'anani komwe kuli mphunzitsi yemwe analembapo za polisi kapena ndende za mu Africa.

Zandalama: Chevening imalipira masters ya chaka chimodzi ku UK, imafuna munthu woti wagwirapo ntchito zaka ziwiri, inu muli nazo kale, ndipo mukamaliza mumayenera kubwerera kwanu zaka ziwiri. Pali Commonwealth, pali Beit Trust yomwe ndi ya a Malawi, Zambia ndi Zimbabwe okha, palinso Canon Collins. Onsewa ofuna ndi ambiri, ine ndinakanidwa kawiri ndisanapeze, kachitatu ndinasintha kalembedwe. Poyamba ndinkalemba zoti ndikufuna kuthandiza dziko langa, aliyense amalemba zomwezo. Kenako ndinalemba funso limodzi lenileni, malo ake, anthu ake, ndi chomwe ndidzachite ndi yankho. Inu funso muli nalo kale, anthu ogwidwa ndi milandu ing'onoing'ono m'maesiteti amakhala nthawi yaitali bwanji pa rimandi ndipo chimachedwetsa n'chani.

Koma ndikuchenjezeni chinthu chimodzi chomwe palibe anandiuza. Phunziroli lili ndi masamu. Statistics simuithawa, muzidzagwiritsa SPSS kapena R, mapulogalamu a pakompyuta osanthulira manambala, ndiye yambani pano kuphunzira pa YouTube bandulo ikapezeka. Komanso phunziro loyamba lomwe adzakupatseni ndi loti manambala a kupolisi si chiwerengero cha umbanda, ndi chiwerengero cha zomwe zakanenedwa ndi kulembedwa. Nkhuku ikabedwa ku Thekerani nkhani imathera kwa amfumu, mayi akamenyedwa imathera kwa ankhoswe, m'kaundula wa polisi simulowa. Pomwe esiteti ili ndi alonda, foni ndi galimoto yotengera munthu kupolisi, ndiye m'mabuku zimaoneka ngati akuba onse ali ku esiteti.

Mlonda_Usiku
Apo ndiye mwanena zoona. Kumudzi kwathu mbuzi zimabedwa kuposa makademiya koma sindinamvepo wina atapita kukhoti

LoyaMawa
Ine ndili chaka chachitatu zamalamulo ku Zomba ndipo ndili mbali ya ankolo aja. Achemwali ngati mukufuna kusintha zinthu, zinthu zimasintha kukhoti. Mlandu wa Kafantayeni mu 2007 unathetsa zoti aliyense wopezeka wolakwa pa kupha azingogamulidwa kuphedwa, ndipo anthu ambiri anadzawaunikiranso zilango ena n'kutuluka. Mlandu wa Masangano mu 2009 khoti linati kuthithikana kwa m'ndende zathu ndi nkhanza, linalamula boma lichepetse. Mlandu wa Gwanda mu 2017, wogulitsa majumbo yemwe anamangidwa mbandakucha akupita ku geni, unagwetsa gawo 184(1)(c) lija la vakabu. Omwe anamenya milandu yonseyo anali maloya. Wa criminology anagwetsapo lamulo liti?

WakuCapeTown
LoyaMawa funsani aphunzitsi anu kuti pa milandu ngati ya vakabuyo umboni woti apolisi amasesa anthu osauka okhaokha unachokera kuti. Pamakhala anthu omwe anapita m'mapolisi kukawerenga makaundula ndi kufunsa omangidwa, loya n'kutenga zimenezo kupita nazo kwa jaji. Ndipo Masangano mwamutchulayo ndi umboni wanga, chigamulo chinatuluka 2009, pitani ku Chichiri kapena ku Maula lero mukaone ngati anthu akugona motambasuka. Kupambana mlandu ndi kwina, kuti zichitike pansi ndi kwina, pamafunika wina azitsatira ndi manambala chaka ndi chaka.

LoyaMawa
Chabwino koma loya akhoza kutsegula ofesi yake. Inu mudikira bungwe likulembeni, donor akachoka mwakhala

WakuCapeTown
Pamenepo sindikutsutsani, n'zoona.

NamwaliWaThunga
Ine ndifunseko mopanda manyazi, bwanji maphunziro amenewa amangoona za akuba nkhuni ndi mbuzi? Akuba enieni ali m'maofesi. Cashgate ya 2013 ndalama zinapita zija zikanagula mankhwala m'zipatala, koma akubawo palibe anawaotcha. Mkungudza wa m'phiri la Mulanje unatha, amene ankagwidwa ndi anyamata osenza matabwa, nanga mwini lole ndi wogula uja?

Aphunzitsi_Bvumbwe
Achemwali a ku Thunga zimenezo zilimonso, ndi nthambi yakeyake. Edwin Sutherland wa ku America ndi amene anayambitsa mu 1939 mawu oti white-collar crime, kunena umbanda wa anthu olemekezeka omwe amaba kudzera pa ntchito zawo, ndipo ankadzudzula anzake ophunzira kuti akungofufuza amphawi chifukwa ndi omwe amapezeka m'ndende. Wofuna ntchito ku ACB kapena ku Financial Intelligence Authority akhoza kulowera kumeneko, bola awonjezere za akaunti.

Kabaza_Luchenza
Ndiye ntchito zake ndi zimenezo basi? Tchulani zenizeni tione

WopumaPolisi
Ndikuuzeni zomwe ndikudziwa. Kupolisi ndi kundende masters siikulowetsa, umayamba wadutsa ku treningi ngati wina aliyense, pepala limadzathandiza pambuyo pa zokwezedwa ndi kuofesi za kafukufuku ndi mapulani. Kunja kwa yunifolomu kuli a social welfare omwe amaona za ana olakwira malamulo, paja lamulo la ana la 2010 limati mwana wa mlandu waung'ono apatutsidwe asalowe m'ndende, ndipo kuli malo ngati Mpemba ndi Chilwa osungirako ana otere. Kuli ma paralegal, othandiza anthu pa zamalamulo ngakhale si maloya, a bungwe la PASI omwe amayenda m'ndende ndi m'maselo kuthandiza a rimandi, iwowa ndi omwe amathandizira makhoti oyenda aja, majisitireti kupita kundende komweko kukaunika omwe akhalitsa. Kuli Legal Aid Bureau, Malawi Human Rights Commission, Independent Complaints Commission yolandira madandaulo okhudza apolisi, ndi kuphunzitsa ku yunivesite. Si zambiri, sindinama. Mlongo wake uja akanakumana ndi paralegal sabata yoyamba sakanatha miyezi inayi.

MwanaWaSapitwa
Bambo mawu omalizawo andiliza. Ife sitinkadziwa n'komwe kuti kuli anthu otere, amayi ankangopita ndi nsima Loweruka lililonse n'kumabwera.

Chinanazi
Pepani achemwali. Koma chenjeraninso ndi masukulu a pa intaneti, msuweni wanga analipira madola ambiri ku koleji ina yomwe inkalengeza pa Facebook masters ya miyezi isanu ndi umodzi, pepala linabwera lokongola koma kulikonse komwe wapita akuti sitikuidziwa. Safunsa anadya phula, yambani mwafunsa a NCHE, bungwe loona za maphunziro apamwamba, ngati sukuluyo ndi yovomerezeka musanatumize ngakhale 1 tambala

MayiMvano
Nanga konkuno kwathu palibe? Mwana wamkazi kupita kutali amayi ake atsala ndi ndani

WakuCapeTown
Amayi njira ya konkuno iliponso. Akhoza kuchita masters ya sociology kapena development studies ku UNIMA n'kusankha mutu wa kafukufuku wa zaumbanda, ku Mzuni kulinso za security studies. Olemba ntchito ndi a PhD amayang'ana kwambiri kuti unafufuza chani kuposa dzina la pulogalamu. Ubwino wake ali pafupi ndi anthu omwe akufuna kuwafunsa. Kungoti achemwali dziwani kuti kulowa m'ndende ndi kope sikungochitika, pamafunika chilolezo cha komiti yoona kuti kafukufuku sakuvulaza anthu, kenako cha akuluakulu a ndende, zimatenga miyezi ndiye muziyamba msanga. Ndipo nkhani ya mlongo wanuyo ikupatseni mphamvu koma isakutsekeni makutu, mukapita mutagamula kale kuti olakwa ndi apolisi ndi alonda, supavaiza wabwino adzakubwezani. Mudzafunika kukhala pansi ndi anthu ngati a Mlonda_Usiku ndi a pulosekyuta n'kuwamvetsera mpaka amalize.

Mlonda_Usiku
Akabwera ine ndidzawauza zonse, bola dzina langa ndi la esiteti asalembe

Kabaza_Luchenza
Ine maganizo anga sanasinthe, ndalama ili ku MBA. Koma ngati mupitadi mudzafufuzekonso za njinga zathuzi, zikumathera kuti, ena akuti zimaoloka pa Muloza ena akuti amaziphwasula mu Limbe momwemu. Tatopa kuika anzathu m'manda

MwanaWaSapitwa
Achimwene a Kabaza ndalemba. Ankolo ndikawaona Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi, ndikawawerengera zomwe alemba bambo WopumaPolisi chifukwa iwo amamvera akuluakulu anzawo. WakuCapeTown ndakutumizirani uthenga kumbali, ndikufuna muone kalata yanga ndisanatumize kulikonse. Funso lina, kukhoti kwa majisitireti munthu wamba amaloledwa kungolowa n'kukhala kumbuyo kumvetsera? Lachiwiri ndili ndi ofu.

WopumaPolisi
Amaloledwa mwana wanga, kupatula milandu ya ana ndi ina yomwe khoti latseka. Ufike m'mawa 8 koloko isanakwane uone galimoto ya a rimandi ikamafika, foni uzimitse, ndipo uwerenge kuti pa milandu yomwe yaitanidwa tsikulo ingati yamvedwa, ingati yaimitsidwa, ndi chifukwa chomwe anena. Utenge kope.